A Tsekabwino ndi Botolo la M'filiji

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi, ndaima pano m'malo mwa banja kuti ndiwerenge mbiri ya achimwene anga amene agona patsogolo pathupa. Dzina lawo la pa chiphaso lalembedwa pa bokosi, koma ndikalitchula ambiri muyamba kufunsana kuti tikuika ndani. Tonse tinkawadziwa kuti a Tsekabwino.

A Tsekabwino anabadwa m'chaka cha 1953, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo analekezera chaka chachiwiri cha sekondale pamene bambo anavulala mwendo. Aphunzitsi ankawakonda pa chifukwa chimodzi: ukawauza chinthu kamodzi, ankachigwira osachitaya. Khalidwe limeneli ndi limene linawadyetsa, ndipo ndi lomwelonso limene linawamanga, mpaka linatsala pang'ono kumanganso mwana wawo womaliza.

M'chaka cha 1974 analembedwa ntchito yotsuka mathanki pa fakitale ya mowa. Mabwana ataona ukhondo wawo anawasamutsira ku chipinda cha yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa madzi a chimera kukhala mowa. Ya pafakitalepo sinali yaufa ija ya m'timapaketi yopangira buledi. Inali yamadzi, yoyera ngati mkaka wogona, ndipo inkafuna kudyetsedwa kuti isafe. Antchito ankaitcha mbewu.

Anakwatira m'chaka cha 1978. Alamu athu anali telala wa madiresi, munthu wa pakamwa pachangu ndi mtima wofewa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi: wamkazi woyamba, anyamata awiri, ndi womaliza amene timamutcha Nesi chifukwa anaphunzira za unamwino.

Fakitale inatsekedwa m'chaka cha 1990. Tsiku lomaliza, mkulu wophika mowa anawaitanira pambali n'kuwapatsa kabotolo ka mbewu. Anati, "Mbewu iyi ndi yakale kuposa iwe ndi ine. Poti kwanu kulibe filiji, uziidyetsa Lachisanu lililonse. Ukadumphitsa sabata imodzi, yafa." Anzawo anatuluka pa geti atanyamula maovololo ndi nsapato za ntchito. Achimwene anatuluka ndi botolo m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake.

Ambiri munangomva kuti Lachisanu a Tsekabwino sapezeka, koma simunaone zimene zinkachitika m'khitchini muja. Ankayamba ndi kutseka mawindo onse, ngakhale kutenthe chotani. Mabotolo, sefa ndi supuni zinkawiritsidwa kaye. Kenako ankawiritsa lita imodzi ya madzi ndi kapu ya chimera kwa mphindi khumi ndi zisanu, kusefa, kuvindikira, n'kudikira kuti azizire mpaka dontho lake lisamveke kutentha pa mkono. Akatero ankakhuthula madzi akale a pamwamba pa botolo, kusiya zoyera zapansi zija, n'kuthiramo atsopano. Botolo likakhala lotsegula, munthu sunkaloledwa kulankhula, kutsokomola kapena kuseka, poti ankati m'kamwa mwa munthu muli tizilombo. Ana ankaima pakhoma thukuta lili kamukamu, kudikira mawu awiri owamasula: "Tseka bwino." Dzina linachokera pamenepo.

Ntchito sinkathera pomwepo. Loweruka ndi Lamlungu botolo linkakhala patebulo, ndipo linkafuna kukhutchumulidwa maola atatu alionse mpaka thovu litakwera. Thovu likachedwa ankakhala pampando n'kumaliyang'ana, amvekere, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mbewu ikadzuka ankaigawa pawiri, kumata kapepala ka tsiku, n'kuiika mu mtsuko wa madzi ozizira. M'chaka cha 1996 anagula filiji, botolo n'kusamukira pa shelefu yapamwamba, koma lamulo la Lachisanu silinasunthe.

Mowa wake ankafulula chidebe chimodzi pamwezi, ndipo sanagulitsepo ngakhale kapu imodzi. Ankagawira anzawo a kufakitale, amene ankamwa mwakachetechete ngati akuwerenga kalata yochokera kwawo. Ine ndinamwako, ndipo sindinama pamaso pa abusa: unali wokoma. Koma sunali wokoma kufika pa mtengo umene banja linalipira.

Fakitale itatsekedwa anapeza ntchito pa sitolo ya zitsulo, ulendo wa mphindi zisanu kuchokera kunyumba, ndipo anagwirapo zaka makumi awiri ndi zitatu. Kawiri konse eni sitolo anafuna kuwakweza kuti azikaoda katundu kumizinda ina. Kawiri konse anakana, poti ulendo wake unkagwera kumapeto a sabata.

Ku mpingo anali munthu wokhulupirika. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankatsegula ndi kutseka tchalitchi. Udindo waukulu sanaulandire chifukwa cha nkhani ya chidebe ija, ndipo iwo sanadandaule. Kwaya ikamapita kukaimba kutali ankaiperekeza mpaka pa basi, kuthandiza kukweza katundu, n'kubwerera kunyumba.

Pali chinthu china chimene banja landilola kunena. M'chaka cha 2005 mwana wawo woyamba anamanga ukwati kumzinda wakutali, ulendo wa masiku awiri. Ukwati unali Loweruka. Achimwene anasita suti, anapukuta nsapato, koma Lachinayi m'mawa anakhala pakama n'kunena kuti sangathe. Amene anayenda ndi mkwatibwi kulowa m'tchalitchi ndine. Ndinawakwiyira chaka chathunthu, ndipo mwanayo anawakwiyira kuposa pamenepo. Alamu ankangoti, "Ine ndinakwatiwa pamitala, mkazi mnzanga amagona m'filiji." Tinkaseka, koma iwo ankanena akupukuta m'maso. Alamu anatisiya m'chaka cha 2016 asanapiteko ndi amuna awo ulendo uliwonse wogona.

Musaganize kuti malemu ankasangalala nazo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mphwanga, anthu amati ndimakonda botololi. Sindilikonda ayi, ndimaliopa. Fakitale inafa, anzanga akutha, chatsala chamoyo n'chimenechi. Chikafera m'manja mwanga ndidzati chiyani?"

Alamu atamwalira, manja a achimwene anayamba kunjenjemera, moti sankathanso kuthira madzi m'botolo osataya. Nesi anali atangomaliza maphunziro ake, ndiye anakhala manja a bambo ake. Kalata yomuitana kukayamba ntchito pa chipatala chachikulu chakutali inabwera, iye anaiika m'kabati. Patapita zaka zitatu inabwera ina, anaiikanso momwemo. Ankagwira maganyu pa kasitolo ka mankhwala pafupi ndi nyumba, ndipo Lachisanu lililonse ankatseka mawindo. Ndinawauza achimwene kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anandiyankha kuti, "Ndikudziwa. Nanga mbewu?" Chaka chino kunabwera kalata yachitatu, yonena kuti akapanda kufika pofika kumapeto a mwezi uno, malo ake apatsidwa kwa wina ndipo sadzamulemberanso.

Kalatayo itangofika, malemu anagwa pabwalo, mbali imodzi ya thupi n'kufa ziwalo. Anagonekedwa m'chipatala masabata asanu ndi awiri, ndipo Nesi sanachoke pambali pawo. Lachisanu lililonse malemu ankamufunsa ndi lilime lolemera, "Wadyetsa?" Iye ankati, "Ndadyetsa, bambo." Linali bodza. Chipatala chinali kutali ndi nyumba, ndipo mwanayo anasankha bambo ake.

Bambo ake atatulutsidwa, Nesi anatsegula filiji. Madzi a pamwamba pa botolo anali atada, zoyera zija zitagwirana pansi. Anatseka mawindo, anawiritsa chimera, anachita zonse monga anaphunzitsidwira, akudziwa mumtima mwake kuti akudyetsa chinthu chakufa. Loweruka kunali zii. Lamlungu masana, tikuchokera ku tchalitchi, tinapeza thovu litakwera mpaka pakhosi pa botolo.

Nesi analinyamula n'kukagwada nalo pambali pa bedi. Anati, "Bambo, ndinakunamizani. Masabata onse aja sindinaidyetse ngakhale kamodzi. Koma onani, ili moyo."

Achimwene analiyang'ana botololo nthawi yaitali. Ananunkhiza, n'kupeza kuti fungo lake ndi lomwe lija. Kenako anayamba kubwereza pang'onopang'ono mawu a mkulu wophika mowa uja, ndipo atafika pakuti "poti kwanu kulibe filiji" anaima. Filiji inali itakhala m'nyumbamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mbewu yozizira imagona, imatha kudikira ngakhale miyezi. Panalibe amene anawauzapo zimenezi, ndipo iwo sanayerekezepo kuyesa.

Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Anati, "Ndiye kuti ku ukwati kuja ndikanapita." Atapuma pang'ono anauza Nesi kuti atenge kalata ija m'kabati ndi kuwawerengera, kenako anati, "Pita, mwanangu. Ichi chimadziwa kudikira. Iwe wadikira mokwanira." Anatumizanso uthenga pa foni kwa mwana wawo woyamba, ndipo mwanayo anafika pa nthawi yake. Zimene anakambirana ndi za iwo awiri, koma mwanayo anatuluka m'chipindamo atanyamula suti ija, imene lero tawaveka.

A Tsekabwino anatisiya Lachitatu lapitali masana, kunyumba kwawo, mawindo ali otsegula. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Asiya ana anayi, aakazi awiri ndi aamuna awiri. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zimene zina sanapiteko kukaziona kwawo. Asiya mlongo mmodzi ndi mng'ono mmodzi, amene ndine. Botolo ndalitenga ine, lili m'filiji kwanga, ndipo ndizilidyetsa ndikakumbukira. Nesi akwera basi Lolemba m'mawa.

Achimwene, Lachisanu likubwerali palibe chokudzutsani. Mzimu wanu upumule mu mtendere.