Killian Sanandibe, Ndinamunamiza

Ine, Abednego Chimphamba, wa zaka 78, wobadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Banket ku Zimbabwe, makolo a ku Dedza, makaniko wopuma, wokhala kunyumba yosamalirako okalamba ku Romford, ndikunena izi kudzera mwa womasulira. Mutu wanga uli bwinobwino. Chimene sitiroko inapha ndi mwendo wamanzerewu basi, lembani zimenezo.

Munthu amene mwamutsekera, Killian Sakala, ndi mwamuna wa mwana wanga Shuvai. Amaphunzitsa kuyendetsa pakalabu ina ya anthu olemera ku Essex, kumene mamembala amasungitsa magalimoto a mpikisano n'kumawathamangitsa pamsewu wawowawo. Kamodzi pachaka kalabuyo imalola wantchito aliyense kubweretsa wachibale mmodzi kuti amuzungulitse. Nditamva zimenezi ndinamuimbira ndekha kuti chaka chino wachibaleyo ndine. Sakanakana. Ndi mwana wa ku Chipata, woleredwa bwino. Chikwatirireni kwathu sanakhalepo mpando umodzi ndi ine, ndipo akamandipatsa madzi amagwada, ngakhale pakapeti ya kwawo ku Thamesmead.

Loweruka m'mawa anandipeza pabenchi kunja kwa geti, nditavala kale jekete. Anati, "Tate, lekani niyende nikasaine ku reception kuti nakutengani."

Ine ndinati, "Ndasaina kale. Kapena mukufuna mukafunse ngati apongozi anu akunama?"

Anayang'ana pansi, n'kundinyamula kundikweza kumpando wakumbuyo wa galimoto yake. Sindinasaine ayi. Ndinkadziwa kuti Phoebe, amene amatisamalira, anena kuti tidikire adokotala Lolemba, ndipo fisi anakana nsatsi, inenso ndinakana kudikira. Foni yanga ndinaisiya dala pansi pa pilo. Shuvai anali pantchito kuchipatala ku Lewisham, ndipo foni ya Killian inakalowa m'kabati kukalabu, poti kumeneko saloledwa kukhala nayo pamsewu.

Tinayenda pafupifupi ola limodzi. Moyo wanga wonse ndagona pansi pa mathirakitala ndi malole, koma zimene ndinaona uko sindinaziwonepo. Phula lake lilibe dzenje ngakhale limodzi, ndinafufuza ndi maso anga. Pansi pa galaja mukhoza kudyerapo. Sipanala iliyonse ili ndi pogona pake pakhoma, palibe yobwereka kwa mnzake. Matayala amawafunditsa mabulangete amagetsi kuti asamve chisanu, pamene ine ku Romford ndimachita kupempha lachiwiri. Bambo wina mwini galimoto zitatu anandivulira chipewa, nanditsegulira injini kuti ndione. Ndinamuuza kuti ailize. Ndinamvetsera, sindinapeze cholakwa chilichonse, ndipo ine ndine munthu wosasowa cholakwa.

Musalembe kuti anandiika pangozi. Dokotala wa pakalabupo anandiyeza BP, anandifunsa dzina, tsiku ndi kumene ndili, ndinayankha zonse. Pakona iliyonse panali munthu wa mbendera, ndipo ambulansi inali chiimire. Anachotsa magalimoto ena onse, msewu unatsala wa ife awiri.

Galimotoyo inali yofiira, yamipando iwiri yokha, yotsika ngati mphasa. Killian anagwada n'kundimanga malamba, anandiveka chisoti, kenaka anaima panja akuzengereza. Ndinazindikira vuto lake: mpando wake unali wogundana ndi wanga. Ndinati, "Lowani, lero mwambo tausiya ku geti."

Ulendo woyamba anayenda ngati wanyamula mazira. Dzanja lake pagiya linali lofewa, osakukuta mano a galimoto, amalowa pakona ngati akupempha odi. Ndinaona kuti mnyamatayu ntchito yake amaidziwa, koma akundiopa. Titafika polunjika ndinamumenya pabondo n'kukuwa kuti, "Ponda, mwana wanga, ponda!"

Anaponda. Msana unamatirira kumpando, mitengo inasanduka mzere umodzi, injini inalira mpaka m'mano. Pakona yaikulu anandikalipira, "Tate, mutu kumbuyo! Osagwira steering!" Chikwatirireni anali asanandikwezerepo mawu, ndipo ndinamvera ngati mwana wasukulu. Ndinaiwala ndodo, ndinaiwala mapilisi. Titaima, anthu a mbendera anaomba m'manja. M'chisotimo munali monyowa, Killian anati ndi thukuta, ine sindinatsutse. Chidwalireni ndinali ndisanasekepo chonchija.

Titabwerera ku Romford madzulo tinapeza apolisi awiri pageti. Anati kamera inaonetsa mwamuna wosadziwika akundinyamula kundilowetsa m'galimoto. N'zoona kuti kunyumbako samudziwa, poti amene amabwera kudzandiona mkati ndi Shuvai, iye amadikira panja mwaulemu. Ndinakuwa kuti ndi mkamwini wanga, koma Chingerezi changa chimathawa ndikapsa mtima, ndipo anandiyesa wosokonezeka mutu. Wapolisi anamufunsa chifukwa chake sanasaine. Killian anandiyang'ana, kenaka anati, "Sorry, officer, mistake ni yanga." Anapereka manja kuti amumange. Sakanatha kunena pamaso pa anthu kuti apongozi ake ananama.

Shuvai wandiuza kuti mpaka pano m'chitokosimo sakunenabe, ndiponso kuti akangolembedwa mlandu, kukalabu ntchito yatha, chifukwa anthu aja sapereka makiyi awo kwa munthu wa mbiri. N'chifukwa chake ndabwera ndekha ndi ndodo yangayi. Wonama ndine. Phoebe sanalakwe poimbira foni apolisi, anachita ntchito yake, ndipo ndikamupepesa. Apolisi aja sanalakwenso. Koma mnyamatayo cholakwa chake n'chimodzi: anakhulupirira mawu a munthu wamkulu.

Mwandifunsa kuti pachibale mulembe kuti ndi ndani wanga. Poyamba paja ndinati mwamuna wa mwana wanga. Fufutani. Lembani kuti mwana wanga, ndipo mumutsegulire.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, andiwerengera ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: Abednego Chimphamba, ndi dzanja langa, ulendo uno ndasainadi.