Mafunso a Malemu a Rozi

Pa siteji ya minibasi pa boda ya Mchinji, a Eneya, mlimi wa mtedza wa kwa Mavwere, anasendera pa benchi kuti akhalepo mayi wina amene anali atangolowa kuchokera ku Zambia.

"Pepanitu mayi, ndifunseko. Mvula inagwa bwanji kwanuko?"

"Inadula msanga, bambo. Mtedza sunakhwime bwino."

"Nanga pa kasitomu akuvuta masiku ano?"

"Mafunso onsewa, ndinu a boma kodi?"

A Eneya anaseka pang'ono, maso ali pansi.

"Ayi, ndi mafunso a malemu akazi anga, a Rozi. Ankagulitsa tiyi pompano. Iwo ankafunsa dalaivala aliyense wa thiraki za mvula, za mitengo, za malamulo atsopano. Ine nsanje, ndinkati akungocheza ndi amuna."

"Ndiye munkakangana?"

"Kwambiri. Komatu akati, 'Bambo a Dyna, chaka chino mtedza tisunge kaye,' zinkachitikadi momwemo. Atamwalira, ndinapita ndi matumba khumi ku Chipata osafunsa munthu. Ndinakapeza aliyense ali ndi mtedza wake, ndinabwerera nawo. Ine ndinkangoona munda wanga, iwo ankaona dziko."

Kondakitala anayamba kuitanira za ku Lilongwe. Mayiwo ananyamula chikwama, kenaka anachitsitsanso.

"Ipite, ndikwera ina. Funsani onse, bambo. Iwo ankayambira pati?"



"Ankayamba ndi ana," anatero a Eneya motsitsa mawu. "Mwawasiya bwanji ana kunyumba, mayi?"