Suti Imene a Nakhuwa Anakana Kupita Nayo

Malemu Bambo Lenard Nakhuwa anabadwa pa 14 Malichi 1952 kufupi ndi Muloza, m'banja la ana asanu, ndipo iwo ndi omaliza kutisiya. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Hopeson, msuweni wawo. Banja landipempha chifukwa a msinkhu wathu atha, otsala ndi owerengeka.

Sukulu anailekera Sitandade 6 mu 1966, nayamba kuthyola tiyi ku esiteti. Mu 1970 anawolokera ku Milange, kumene anakhala zaka zinayi akuphunzira utelala. Mu 1975 anaika makina awo pakhonde la sitolo ina pa Chonde, ndipo sanachokepo mpaka mphamvu zitawathera.

Pa 9 Sepitembala 1978 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Lettie, atavala suti yakuda yosoka okha. Mulungu anawapatsa ana awiri, Rosie ndi Lackson.

Amene munasoketsa suti kwa malemu mukudziwa kuti simunkachoka pakhonde paja osamva malamulo. Suti saichapa ngati shati. Ukaivula uipukute ndi bulashi, uchotse zonse za m'matumba, uikoloweke pa hang'ala ya mtengo, osati pa msomali. Usaivale masiku awiri otsatizana, nayonso imafuna kupuma. Posita, uyale kansalu konyowa pamwamba kuti simbi ya makala isaiwalitse. Ikanyowa ndi chiperoni uiyanike pamthunzi podutsa mphepo, isachite chuku. M'wadiropu uikemo tizidutswa ta mkungudza kuti njenjete zisalowe.

Ine malamulowa ndinawaswa mu 1984. Suti yanga ndinaiviika mu sopo ndi kuimenya pamwala kumtsinje. Inauma mapewa atakhota, manja atafupika. Malemu anaiyang'ana, anandiyang'ana, ndipo anatha miyezi iwiri osandipatsa moni. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene tinkakumana ankandionetsa kwa anthu kuti uyu ndi msuweni wanga wakupha masuti.

M'zaka za m'ma 1990 kaunjika atadzaza misika, osoketsa anayamba kuchepa. Matelala anzawo anasiya, ena anamwalira. Iwo anatsala okha pakhonde paja, akupinda mathalauzi a anthu ndi kusoka zigamba. Mu 2008 mwana wawo Lackson anapita ku Joni kukafuna ntchito. Pa 2 Meyi 2011 Mayi Lettie anamwalira, ndipo nyumba ija inakhala ya munthu mmodzi, pakuti Rosie anali atakwatiwa ku Blantyre.

Mu Okutobala 2012 Lackson anaimba foni kuti abwera pa Khirisimasi. Malemu anagula nsalu yotuwa ku Limbe ndi kumusokera suti. Tepi sanaigwiritse ntchito, thupi la mwana wawo anali nalo m'mutu. M'kati mwa jekete anasiyamo nsalu yowonjezera poopa kuti mwina wanenepa, ndipo miyendo ya thalauzi sanaipinde, ati adzapinda mwiniwake ataimirira pamaso pawo. Khirisimasi inadutsa. Foni ija inasiya kugwira mu 2014, ndipo mpaka lero sitikudziwa kumene Lackson ali.

Pafupifupi zaka khumi ndi ziwiri, Loweruka lililonse m'mawa, malemu ankatulutsa suti ija, kuipukuta ndi bulashi, kuiyanika pansi pa mtengo wa peyala, ndi kuibwezera. Anthu oyandikana nawo ankadziwira pamenepo kuti lero ndi Loweruka. Ine ndinawauza kangapo kuti aigulitse, ndipo lero ndikuvomera kuti ndinkalankhula zopanda nzeru. Chinali chinthu chokhacho m'nyumba muja chimene chinkadikira nawo limodzi.

Pa 20 Juni 2024 anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka. Loweruka lotsatira, Rosie anawapeza akuyesa kugwira bulashi ndi dzanja lamanzere. Pa 29 Julayi tinawatengera kuchipatala, ndipo anatisiya Loweruka pa 3 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 72.

Tsono ndiyankhe zimene ndamva zikunong'onedwa kuyambira dzulo, zoti bwanji tawaveka suti yakale pamene yatsopano ili m'wadiropu. Ali m'chipatala anandigwira dzanja, nandilamula kuti aliyense asayerekeze kuwaveka suti ya mwana wawo, chifukwa akadzabwera adzavala chiyani. Choncho agona mu suti ya ukwati wawo ya 1978. Amene mwaona nkhope mwaona nokha kuti sutiyo ilibe ndi bowo limodzi lomwe.

Malemu asiya mwana wamkazi, Mayi Rosie, ndi zidzukulu ziwiri, Brenda ndi Chimwemwe. Asiyanso mwana wamwamuna, Lackson, amene tikumuwerenga pakati pa amoyo chifukwa bambo ake sanasiye kumuwerenga. Ngati alipo pano amene ali ndi m'bale ku Joni, chonde uthengawu uyende.

Banja likuthokoza mafumu, abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano, adzukulu okumba manda, anamwino, ndi amalonda a pa Chonde amene mwatseka malo anu lero.

Asuweni, kiyi wa wadiropu munandisiyira ine, wakupha masuti uja. Ndatsala ndekha, koma Loweruka likubwerali ndidzaitulutsa suti ya Lackson, ndipo kumtsinje sindidzapita nayo. Pumani mumtendere, a Nakhuwa.