Kagalasi ka Dokotala wa Pamachila

Dzuwa likuswa mtengo pamsika wa thonje ku Chikwawa, Esinala anatchera khutu kwa amuna awiri osadziwana amene anali patsogolo pake.

"Dokotala wachizungu wonyamulidwa pamachila uja anandilumitsa kagalasi koyezera kutentha kwa thupi ndikuchokera kumunda, thukuta lili kamukamu. Kenaka analumitsa msodzi wongovuuka mu Shire, akunjenjemera. Akuti mkatimu tikutentha chimodzimodzi."

"Bodza limenelo, akulu! Kagalasiko kakusankha amphamvu okasenza katundu kunkhondo."

"Akuti thukuta limaziziritsa thupi, kunjenjemera kumalitenthetsa. Aliyense wosadwala, ngakhale iyeyo, kutentha n'kumodzi."

"Ngakhale iyeyo? Munamuona atakaluma?"

"Ayi."

"Mwaonatu. Tikanakhala ofanana mkatimu, bwenzi iye akugona pamthunzi wa machila, ife tikuwauka padzuwa ndi mtengo wake paphewa?"