Loko Amene Mai Maloko Anakana Kudula

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1956, mwana wachitatu m'banja la kalipentala. Anakulira m'nyumba mmene mwana sankayankha wamkulu ali chiimire, ndipo khalidwe limenelo sanalitaye. Anayamba sukulu mu 1963, namaliza sekondale mu 1975. Kenako anaphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja, ali mtsikana yekha m'kalasi mwao.

Mu 1979 analembedwa ntchito pafakitale yopanga sopo. Chaka chotsatira anamanga banja ndi bambo a ana ao, dalaivala wa basi, amene anatisiya mu 1991.

Mu 1986 anapatsidwa udindo woyang'anira chitetezo cha makontilakitala, ndiye kuti anthu obwera kuchokera kunja kudzakonza makina, kudzapenta ndi kudzawotcherera zitsulo. Masiku amenewo munthu wotere akavulala, zinali zake. Malemu anati zimenezo zithe. Aliyense ankamulandira pageti, kumulonjera mwaulemu, kumuunika kuyambira jombo mpaka chisoti, nayenda naye kumuonetsa paipi yotentha ndi khomo lothawira moto. Kunyumba mwamuna sankawalankhula chipewa chili kumutu; kufakitale sankawalankhula mutu uli wosavala. Adzukulu ankati agogo sadziwika chimene afuna.

Lamulo lao lalikulu linali ili: wolowa m'makina azimitse magetsi yekha, akhome loko wake pabokosi lozimitsira, kiyi aike m'thumba mwake. Wochotsa lokoyo ndi mwini wake basi. Apa ndi pamene panachokera dzina loti Mai Maloko, limene poyamba linali chipongwe.

Mu Okutobala 1994, tsiku lina Lachisanu masana, gulu la owotcherera linamaliza kukonza thanki yaikulu yosakanizira sopo, imene mkati mwake mumazungulira zitsulo zonga mipeni. Ena onse anachotsa maloko ao, koma loko mmodzi anatsala. Anzake a mwini lokoyo anati munthuyo wathamangira basi, kiyi waiwala m'thumba. Malole anali atandanda pageti kudikira katundu. Bwana wamkulu analamula kuti abwere ndi macheka, lokoyo adulidwe.

Malemu anapita kukatsamira bokosi lija ndi msana. Sanakweze mau. Anapempha mwaulemu kuti aone kaye mwini kiyi ndi maso ao. Bwanayo anawauza pamaso pa anthu kuti akapanda kusuntha, Lolemba asaoneke pageti. Kumbukirani kuti apa anali mai wamasiye, ana anai onse ali pasukulu. Anayankha kuti amva, ndipo sanasunthe. Anatuma anthu kuti atsegulenso chivundikiro cha thanki, aunikemo ndi tochi. Mwini kiyi anapezeka pansi penipeni, pakati pa mipeni ija, atakomoka ndi utsi wowotcherera. Anabwereramo kukatenga hamala imene anaiwala, anzake navundikira osadziwa.

Munthuyo anatsitsimuka kuchipatala. Malemu anaimitsidwabe ntchito, pamlandu wakuti anachititsa manyazi akuluakulu. Sanatukwane munthu, sanadandaule. Ankadzuka m'mawa kusita yunifolomu imene sankavala. Koma makontilakitala onse, owotcherera, openta ndi amagetsi omwe, anakana kulowa pageti popanda Mai Maloko. Makina atayamba kuima limodzi ndi limodzi, galimoto ya kampani inabwera kudzawatenga pakhomo. Anailola kudikira mpaka dalaivala atatsika kudzapereka moni.

Anapuma pantchito mu 2016. Mu Janyuwale chaka chino anayamba kudandaula mtima, nagonekedwa kuchipatala kawiri. Anatisiya Lachiwiri lapitali m'mawa, ana ao ali pambali.

Asiya ana anai, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi alongo ao awiri. Pachiwerengerochi sitinaphatikize bambo aimvi amene akhala kumutu kwa bokosiwo. Amenewo ndi mwini kiyi uja. Abwera ndi ana ao asanu, atatu mwa iwo obadwa pambuyo pa Lachisanu lija. Apempha kunyamula nao bokosi, ndipo banja lavomera.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, ampingo, oyandikana nao nyumba amene agona pano, ndi akampani amene atumiza galimoto. Achinyamata amene mwaima kumbuyoko, vulani zipewa. Pano si pafakitale.

Mai Maloko, onse amene munawalandira pageti anabwerera kwao ali moyo. Ntchito mwaitseka bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.