Sitolo ya Madiresi a Mapepala

Aulutsi, mutu wanga waima. Ku maphunziro a amayi kuno ku Balaka anatiuza kuti tiyeseze kuyendetsa sitolo ya zovala. Ine ndinadula madiresi m'mapepala a simenti, opitirira mawondo monga mwa lamulo, n'kuwapachika pachingwe. Aphunzitsi anandiyamikira.

Koma mbiri inakafika kwawo kwa amuna anga ku Chiuta kuti ndatsegula sitolo. Apongozi anga anatulukira ndi adzukulu awo, kudzatenga zovala za Idi. Nditawaonetsa madiresi aja, anawagwiragwira n'kuti, "Iyayi mwananga, kumana kulipo, koma mpaka kutisokera mapepala? Zenizenizo mwabisa kuti?"

Ndinalumbira, sanamve. Matemba amene anandibweretsera anabwerera nawo.

Tsopano amuna anga akuti ndikapepese. Omvera anzanga, ndikapepese chifukwa cha sitolo iti?