Mwana wanga amakasekera kwa mkazi mnzanga

Moni omvera nonse. Ndine mayi wa ku bairo la Assumane, dera lina kuno ku Lichinga, ndipo tili awiri pa mwamuna mmodzi.

Nthawi ya korona ija, mwana wanga wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu anadwala. Tinamutsekera yekha m'chipinda, chakudya n'kumamusiyira pakhomo. Chifuwa chinatha, koma mwana anatuluka ali wina. Kukaphunzira kushikola anakana, anzake sankawafunanso, ankangogona atafunda kumutu. Ndikamufunsa ankangoti, "Palibe, amayi."

Tsiku lina masana ndinapita kwa mkazi mnzanga ku Lulimile kukatenga mbewu ya nyemba. Ndili pampanda ndinamva kuseka komwe ndinali nditakuiwala. Anali mwana wanga, atatsamira pamiyendo ya mayi uja, akulukidwa tsitsi. Mtima unandiwawa ngati auwaza tsabola. Wobereka ndine, wodwazika ndine, koma kuseka kwake akudyerera wina!

Pobwerera ndinamufunsa kuti, "Kodi akukupatsa chiyani chomwe ine ndilibe?"

Iye anati, "Amayi, inu mumangoti ndinachira, ndithokoze Mulungu. Koma amayi aang'ono ndikawauza kuti ndimaopabe kufera ndekha m'chipinda muja, sandidula mawu. Amangomvetsera."

Ndisaname, nsanje sinandithere. Akanyamuka kupita ku Lulimile ndimatsala ndikukukuta mano, koma sindimuletsa, pakuti tsopano akudya ndipo wabwerera kushikola.

Makolo anzanga, mwana akakuuzani kuti akuopa, musathamangire kumuuza kuti anachira. Akapeza khutu kwina, zimapweteka.